Masewero amene sanalembedwe pa Likoma

M'midzi ya pa chilumba cha Likoma, monga Mbungo, tsiku la msodzi lili ndi mpata pakati pake. Usipa ndi utaka zikatsitsidwa m'bwato, chilimira chikayanikidwa pamchenga, dzuwa la masana silimulola munthu kugwira ntchito yolemetsa, ndipo amuna amasonkhana pamthunzi kusewera bawo, monga amachitira m'madoko ena a nyanjayi kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Mangochi. Anthu ambiri opita kusukulu amati bawo ndi chotayitsa nthawi, pamene tchesi amailemekeza kuti ndi masewero a nzeru zakuya, oyenera kuphunzitsidwa kwa ana. Ine maganizo amenewa ndimawakana, ndipo mbiri ya masewero awiriwa ili kumbali yanga. Tchesi inakwera kufika pamene ili lero chifukwa anthu ake anali ndi chizolowezi cholemba masewero amene aseweredwa, kuti wobwera m'mbuyo ayambire pamene mnzake analekezera. Umboni womveka bwino wa zimenezi uli m'mbiri ya wosewera ndi zakuda, uja amene amasuntha wachiwiri, ndi mmene anaphunzirira kuthira nkhondo m'malo mongodziteteza. Nzeru imeneyo inatenga zaka zoposa 300 kuti ikhwime, ndipo inakhwimira papepala. Likoma ndi malo oyenera kuganizirapo nkhaniyi, chifukwa pa chilumbachi kulemba ndi kusindikiza mabuku kunafika msanga kuposa m'madera ambiri a dziko lino, koma luso la bawo linatsalira m'mitu ya anthu.

M'tchesi ya masiku ano zoyera ndizo zimayamba. Lamuloli linakhazikika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, koma vuto la wosuntha wachiwiri ndi lakale ngati masewerowo. Woyamba amakhala phazi limodzi patsogolo, amasankha kumene nkhondo ichitikire, ndipo m'mipikisano ya akatswiri zoyera zimatenga mapointi 54 kapena 55 pa 100 alionse. Kwa nthawi yaitali aphunzitsi ankalangiza wa zakuda kuti atsanzire mnzake: zoyera zikatulutsa msilikali wa kutsogolo kwa mfumu kupita pa e4, nayenso atulutse wake kupita pa e5, adziteteze mosamala mpaka zinthu zifanane, ndipo zopambana aziganize pambuyo pake. Njira yotchedwa Sicilian imakana malangizo amenewa pa kusuntha koyamba komwe. Zakuda zimayankha e4 ndi c5, msilikali wa cha m'mbali. Zoyera zikafuna kulanda pakati pa bwalo ndi d4, zakuda zimadya msilikali ameneyo, hatchi ya zoyera n'kudyanso wa zakudayo. Tikawerenga asilikali palibe wapindula, koma bwalo lasintha. Zakuda zatsala ndi asilikali awiri a pakati pamene zoyera zatsala ndi mmodzi, ndipo mzere wa c watseguka kutsogolo kwa rook ya zakuda, chida chooneka ngati nsanja chimene chimayenda mowongoka. Zoyera nazo zapeza malo otakasuka ndipo zida zake zimatuluka msanga. Aliyense ali ndi chake chimene mnzake alibe, ndipo wa zakuda wapeza poyambira nkhondo yakeyake osadikira kuti mnzake alakwitse.

Kusuntha kwa c5 kumapezeka kale m'zolemba za Giulio Cesare Polerio wa ku Italy m'zaka za m'ma 1590, ndiponso m'za Gioachino Greco m'ma 1620. Dzina loti Sicilian linafalitsidwa ndi Jacob Sarratt wa ku England mu 1813. Koma chaka chofunika kwambiri ndi 1834, pamene Louis-Charles de La Bourdonnais wa ku France ndi Alexander McDonnell wa ku Belfast anasewera masewero 85 ku Westminster Chess Club mumzinda wa London. M'masewero amodzi mwa amenewo La Bourdonnais, akusuntha wachiwiri, anayankha ndi Sicilian, anakankha asilikali ake a pakati osabwerera m'mbuyo, anapereka ngakhale mfumukazi yake, ndipo pomaliza asilikali atatu anaima mondondozana pa d2, e2 ndi f2, aliyense atatsala ndi phazi limodzi kuti asanduke mfumukazi. McDonnell anagonja. Amuna awiriwa sanakhalitse ndi moyo: McDonnell anamwalira mu 1835, mnzakeyo mu 1840. Masewero awo tikuwadziwa chifukwa cha munthu wachitatu, William Greenwood Walker, mlembi wachikulire wa kalabuyo, amene ankakhala pambali tsiku ndi tsiku n'kumalemba kusuntha kulikonse. Pakanapanda mkulu ameneyu, tikanangomva kuti kunali Mfalansa wina woopsa pa tchesi, monga timamvera za akatswiri a bawo amene anapita, amene mayina awo amatchulidwabe koma palibe angathe kuika nkhomo pathabwa n'kutisonyeza mmene ankadyera anzawo.

Kulembedwa sikunachititse kuti njirayi ilandiridwe pomwepo. Paul Morphy sankaikonda, Wilhelm Steinitz ankaikayikira, ndipo José Raúl Capablanca, katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, ankaona kuti imasiya mipata yambiri m'linga la zakuda. Chimene kulemba kunachita ndi kusunga mkanganowo kuti usazilale, ndipo nthambi ya Sicilian yotchedwa Dragon imasonyeza bwino mmene mkangano wotere umayendera. M'nthambi imeneyi zakuda zimakankha msilikali kupita pa g6, n'kuika bishopu pa g7, pamene amayang'ana mzere wautali wopingasa bwalo lonse mpaka kungodya ya zoyera. Zoyera zinapeza yankho loopsa, lotchedwa Yugoslav Attack: zimaika bishopu pa e3, msilikali pa f3, mfumukazi pa d2, zimabisa mfumu yake kumbali ya mfumukazi, kenaka zimathamangitsa msilikali wa pa mzere wa h kuti akaboole nyumba ya mfumu ya zakuda. Wa zakuda akangokhala n'kumatseka maenje, waluza. Chomwe chimamupulumutsa n'chakuti mfumu ya zoyera yakabisala kumbali komwe kuli mzere wa c wotseguka uja, komwenso bishopu wa pa g7 akuloza. Ndiye amaika rook pa c8, amapititsa hatchi pa c4 kudzera pa e5, mfumukazi pa a5, ndipo nthawi ikakwana amapereka rook mwadala podya hatchi ya pa c3. Powerengera mtengo wa zida, wataya chachikulu n'kutenga chaching'ono. Koma hatchi imeneyo ndiyo inkalondera mfumu ya zoyera ndi msilikali wa pa e4, ndipo ikachoka asilikali otchinga mfumuyo amaphwasuka. Masewero amasanduka mpikisano wa liwiro, mbali zonse ziwiri zikuthamangira mfumu ya mnzake, ndipo kusuntha kumodzi kotayika kumapha munthu.

Mkangano wa Dragon unkapendekera uku ndi uku kwa zaka zambiri. Mu 1958 ku Portorož, Bobby Fischer ali ndi zaka 15 anagonjetsa Bent Larsen potsegula mzere wa h, ndipo ambiri anati njirayi yatha. Mu 1974 ku Moscow Anatoly Karpov anachitanso chimodzimodzi kwa Viktor Korchnoi, ndi mayendedwe amene anawakonzeratu kunyumba. Koma masewero onsewa anasindikizidwa, ndipo okonda zakuda anawasanthula kufuna pamene panalakwika. Ena, monga Andrew Soltis wa ku America, analimbikira kusuntha kwa h5, kumene kumaimitsa msilikali wa zoyera uja asanafike pakhomo, zakuda n'kupeza mpata woyamba nkhondo yawo. Mu 1995 ku New York Garry Kasparov anatulutsa Dragon polimbana ndi Viswanathan Anand pa mpikisano wa ukatswiri wa dziko lonse, ndipo anapambana nayo masewero a nambala 11 ndi 13. Nthawi imeneyo zolemba zinali zitachuluka kale. Ku Belgrade anayamba kusindikiza Chess Informant mu 1966, mabuku osonkhanitsa masewero a akatswiri m'zizindikiro zoti munthu wa chilankhulo chilichonse awerenge, ndipo atagawa njira zonse zoyambira masewero m'magulu 500, magulu 80 anapita kwa Sicilian yokha. Ngakhale kusuntha kwa e5 m'kati mwa Sicilian kumene La Bourdonnais anagwiritsa ntchito mu 1834 kunadzukanso: Evgeny Sveshnikov ndi Gennady Timoshchenko a ku Chelyabinsk anakonza njira yapachibale nako m'ma 1970, ndipo Magnus Carlsen anaidalira poteteza ukatswiri wake kwa Fabiano Caruana ku London mu 2018. Zolembedwa zimayenda mtunda umene mphunzitsi sangayende. Amon Simutowe anakulira ku Zambia, dziko limene linalibe grandmaster (katswiri wa udindo wapamwamba kwambiri pa tchesi) ndi mmodzi yemwe womuphunzitsa, koma mu 2009 iye anakhala grandmaster woyamba wa mayiko a kumwera kwa chipululu cha Sahara, chifukwa masewero a akatswiri ngati amenewa anali oti munthu wa ku Lusaka kapena ku Copperbelt akhoza kuwaika pabwalo lake n'kuwaphunzira.

Bawo nayenso ali ndi mbiri yaitali. Masewero ofesa timiyala m'maenje a mizere inayi ndi akale m'kati mwa Africa, ndipo ntchuwa ya kuno ndi nsolo ya ku Zambia, zimene ana ndi akulu amakumba pansi, ndi za mtundu umenewo. Koma masewero a pathabwa la maenje 32, okhala ndi dzenje lapadera lotchedwa kuu, kwawo ndi kugombe la nyanja ya mchere, kwa Aswahili. Thomas Hyde wa ku Oxford, m'buku lake la 1694 lofotokoza masewero a kum'mawa, momwenso analembamo mbiri ya tchesi, anatchula masewero a mtundu umenewu pa chilumba cha Anjouan ku Comoros. Kunyanja yathu anabwera ndi malonda a m'zaka za m'ma 1800. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'ma 1840, ndipo ngalawa zake za matanga zinkaoloka nyanja kupita kugombe la kum'mawa zitanyamula minyanga ya njovu ndi akapolo, amene kuchokera kumeneko ankayenda pansi mpaka ku Kilwa. Mafumu a Chiyao monga Mataka, Makanjira ndi Mponda ankatumiza maulendo awo kugombe la nyanja ya mchere komweko. Mawu amene osewera amagwiritsa ntchito mpaka lero, monga kuu, mtaji ndi kutakata, akuchitira umboni njira imeneyi. Likoma, imene ili pafupi kwambiri ndi gombe la kum'mawa moyang'anana ndi Cobue, inali m'kati mwa dziko la malonda amenewa, ndipo mabwato ochokera kuchilumba sanasiye kupita kutsidya kukafuna nkhuni ndi chakudya ngakhale pamene pangano la 1891 linapereka gombelo kwa Apwitikizi.

Amene amati bawo ndi wopepuka ayambe ayang'ana malamulo ake. Wosewera aliyense ali ndi mizere iwiri ya maenje asanu ndi atatu, ndi nkhomo 32. Poyamba zochepa zokha zimakhala pathabwa, m'kuu ndi m'maenje awiri oyandikana nako, zina zonse zili m'manja, ndipo aliyense amaponya imodzi pa nthawi yake mpaka za m'manja zithe, masewero n'kulowa m'gawo la mtaji. Ukaponya m'dzenje lako la kutsogolo lokhala ndi nkhomo, moyang'anana ndi dzenje la mnzako lokhalanso ndi nkhomo, wadya. Zimene wadyazo sizichoka pathabwa monga zimachitira zida za tchesi. Umazifesa m'maenje ako kuyambira kumapeto kwa mzere, ndipo yomaliza ikagwera poti ungadyenso, umadyanso, mpaka idzagwere m'dzenje lopanda kanthu, dzanja n'kugona. Kudya n'kokakamiza: ngati pali podya, sungatakate, kutanthauza kufesa osadya. Woluza ndi amene mzere wake wa kutsogolo wauma, kapena amene watsala wopanda choyenda nacho. Malamulo amenewa amabala zinthu ziwiri zimene wosewera Dragon angazizindikire msanga. Choyamba, popeza kudya n'kokakamiza, munthu akhoza kupereka nkhomo zochepa mwadala kuti mnzake adye kumene sakufuna, dzanja lake ligone pamalo oipa, kenaka iye n'kubweza ndi kudya kwakukulu. Nzeru yake ndi yomwe ija ya rook yoperekedwa pa c3. Chachiwiri n'chokhudza wosewera wachiwiri mwachindunji. Mmene nkhomo zimaikidwira poyamba, palibe dzenje lokhala ndi nkhomo limene limayang'anana ndi linzake lokhala ndi nkhomo, kotero woyamba sangadye pa kuponya kwake koyamba, ayenera kutakata. Akatakatira kumene nkhomo zake zikayang'anane ndi za mnzake, woyamba kudya amakhala wachiwiri uja. M'bawo palibe linga loti munthu abisalemo n'kumadikira, chifukwa nkhomo iliyonse ya kutsogolo ndi chida chodyera komanso ndi chakudya cha mnzako. Chimene akatswiri a tchesi a ku Ulaya anachivomereza mochedwa, chakuti wosuntha wachiwiri ayenera kukhala ndi nkhondo yake, mwana wa ku Mbungo amachiphunzira tsiku limene wayamba kugwira nkhomo.

Apa mpamene mbiri ya Likoma imandipweteka mtima. Amishoni a Universities' Mission to Central Africa, atalephera ku Magomero kumene anafika mu 1861, anasamukira ku Zanzibar, ndipo anabwereranso kunyanja kudzera kum'mawa. William Percival Johnson ndiye anatsogolera, sitima ya Charles Janson inayamba kuyenda panyanja mu 1885, ndipo chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa Likoma. Chauncy Maples, amene anadzozedwa kukhala bishopu mu 1895 n'kumira m'nyanja chaka chomwecho, anasiya sukulu ndi makina osindikizira mabuku zikugwira ntchito. Mwala wa maziko a tchalitchi chachikulu cha St Peter's ku Chipyela unaikidwa mu 1903. Aphunzitsi ndi ansembe oyamba, monga Augustine Ambali ndi Yohanna Abdallah, anaphunzira ku Kiungani ku Zanzibar, kotero chilumbachi chinalumikizidwa ndi dziko la Aswahili kawiri, poyamba ndi amalonda, kenaka ndi mpingo. Anyamata ndi atsikana a m'midzi ya pachilumba anaphunzira kuwerenga Chinyanja chawo, ndipo ambiri anakakhala alembi ndi aphunzitsi ku Tanganyika, ku Rhodesia ndi ku South Africa. Zonse zofunika kuti papezeke Walker wa bawo zinalipo: osewera, odziwa kulemba, mapepala, ngakhale makina. Koma makinawo ankasindikiza mapemphero, Mawu a Mulungu, mabuku a sukulu ndi a chilankhulo, ndipo sitingawadzudzule pochita ntchito imene anabwerera. Amene analemba malamulo a bawo wa kuno anali dokotala wa boma la atsamunda, Meredith Sanderson, m'nkhani yake ya 1913 yofotokoza masewero a anthu a m'chigawo chino cha Africa. Sanderson yemweyo ndiye anamasulira ndi kusindikizitsa buku la Abdallah la mbiri ya Ayao mu 1919. Zikuonetsa kuti anthu a nthawi imeneyo ankadziwa kuti mbiri ya mafumu ndi ya maulendo ndi yoyenera kusungidwa. Malamulo a masewero nawonso anasungidwa. Masewero enieniwo, kuponya kwa uyu ndi kuyankha kwa uyo, ndiwo anapita ndi eni ake, ndipo malamulo okha sauza munthu mmene katswiri amaganizira.

Wina anganene kuti bawo salembeka, kapena kuti ngakhale atalembedwa sipangatuluke nzeru yonga ya Sicilian, chifukwa kuponya kumodzi kumatha kuzungulira thabwa kangapo n'kusintha maenje ambiri, kotero palibe maonekedwe okhazikika oti munthu awaphunzire. M'mawu amenewa muli choonadi. M'tchesi asilikali amayenda pang'onopang'ono ndipo sabwerera m'mbuyo, choncho maonekedwe a Dragon amakhalapobe kwa nthawi yaitali, pamene m'bawo thabwa limasandulika m'kanthawi kochepa. Koma mbali yoyamba ya mawuwa inayankhidwa kale. Alex de Voogt wa ku Netherlands anakhala ndi akatswiri a ku Zanzibar kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo m'buku lake la 1995 analemba masewero awo ndi zizindikiro zosavuta: chilembo cha mzere, nambala ya dzenje, ndi mbali imene dzanja lalowera. Anapeza kuti akatswiriwo amawerengera m'mutu kufesa kwautali asanagwire nkhomo, amadziwa misampha imene ili ndi mayina ake, ndipo mmodzi mwa iwo anatha kusewera osayang'ana thabwa. Kunena za maonekedwe okhazikika, gawo loyamba la masewero, pamene nkhomo zikadali m'manja, limayamba mofanana nthawi zonse ndipo njira zoponyera poyamba n'zowerengeka. Kumeneko n'kumene nzeru yolembedwa imamera. Funso loti kuu atsegulidwe liti, kapena asungidwe mpaka liti pamene mnzako akumuzungulira, limabwera m'masewero alionse, ndipo osewera amakangana nalo pamthunzi paja chimodzimodzi mmene a tchesi ankakanganira za h5.

Winanso anganene kuti luso la bawo silinafune pepala, popeza lakhala likuyenda kuchokera kwa akulu kupita kwa ana kwa zaka zoposa 100 ndipo silinafe. N'zoona kuti silinafe, ndipo kuphunzira poonerera kuli ndi mphamvu yake. Asodzi a utaka amadziwa pamene pali zirundu za pansi pa nyanja polunjikitsa mtengo wakuti ndi phiri lakuti, ndipo chidziwitso chimenecho chimayenda bwino pakamwa chifukwa mwala wa pansi pa madzi susuntha, ndipo mwana amapita pamalopo ndi bambo ake kambirimbiri. Masewero abwino a bawo amachitika kamodzi. Amene sanalipo sangawaone, ndipo amene analipo amakumbukira kudya kwakukulu komaliza, osati kuponya kwakachetechete kumene kunakonza msamphawo kalekale. Pachilumba chimene amuna ake akhala akuchoka kukagwira ntchito kutali kuyambira nthawi ya sitima ya Chauncy Maples mpaka ya Ilala, unyolo wa pakamwa umaduka kawirikawiri, ndipo m'badwo uliwonse umatulukiranso zimene agogo ake anazidziwa kale. Kuphunzira kwa pakamwa kumasunga masewero kuti asafe, koma sikulola kuti Fischer atsutse, Soltis ayankhe, Kasparov atsimikize, anthu atatu amene sanafunike kukhala pansi pa mtengo umodzi. Palinso ena amene amanyansidwa ndi bawo chifukwa anabwera m'njira za ogula akapolo, kapena chifukwa amamuona ali m'manja mwa amuna amene akazi awo ali kumunda wa chinangwa. Dandaulo lachiwirili ndi lenileni, ndipo ndi la amunawo, osati la thabwa. Loyambalo silingaime, chifukwa tchesi nayo inachoka ku India kudzera ku Persia, n'kufika ku Ulaya m'mbuyo mwa magulu a nkhondo a Aluya, ndipo kuno inabwera m'nthawi ya atsamunda. Ku Tanzania anaona nkhaniyi mwa mtundu wina: Julius Nyerere ankasewera poyera, ndipo bungwe la Chama cha Bao linakhazikitsidwa mu 1966, chaka chomwe a ku Belgrade anayamba mabuku awo aja.

Chotsutsa chimene ndimachilemekeza kwambiri n'chakuti kulemba kuli ndi mtengo wake. Dragon ya lero yafufuzidwa kwambiri ndi anthu ndi makompyuta mwakuti mwana akhoza kuloweza kusuntha 20 osamvetsa chifukwa chake, ndipo akatswiri ena amadandaula kuti masewero amathera kunyumba asanayambe. Bawo akadali ndi ufulu umene tchesi inataya, ndipo sindikufuna kuti autaye. Komabe ngozi imeneyo ili kutali kwambiri ndi ife. Tchesi inafika pamenepo patapita zaka pafupifupi 500 chisindikizireni buku la Lucena ku Salamanca mu 1497, pamene bawo wa kunyanja sanafike ngakhale pa 1834 wake. Ndipo sindikunena kuti tchesi ichoke m'sukulu. Ntchito ya bungwe la Chess Association of Malawi, ndi ya anthu ngati Susan Namangale amene anatengera masewerowa kwa ana a sukulu ndi kwa akaidi, ndi yabwino, ndipo ili ndi mphatso imene bawo akuisowa: mwana aliyense wophunzira tchesi ya mpikisano amaphunzitsidwa kulemba kusuntha kwake papepala. Mwana wotero pa Likoma, amene agogo ake ndi katswiri wa bawo, ali ndi zonse zimene Walker anali nazo.

Zolemba za ku Zanzibar sizingatigwirire ntchitoyi, chifukwa masewero athu ndi awo amasiyana pa chiyambi penipeni. Kumeneko m'nyumba, limene ndi dzina lawo la kuu, amaikamo nkhomo 6 ndipo m'manja mumatsala 22. Kuno m'kuu timaikamo 8, m'manja n'kutsala 20. Nkhomo ziwiri zokhazo zimasintha pamene dzanja likagone kuu akatsegulidwa, zimakulitsa phindu la amene wadya kuu wa mnzake, ndipo zimafupikitsa gawo loyamba ndi kuponya kuwiri mbali iliyonse. Msampha wogwira ku Zanzibar ukhoza kuphonya kuno. Choncho funso loti woyamba atakatire kumanja, kutali ndi mnzake, kapena kumanzere kumene akupereka nkhomo kuti akoke kuu wa wachiwiri, ndi funso loti wachiwiriyo ayankhe bwanji kuti nkhondo ikhale yake, mayankho ake ali ndi osewera a ku Mbungo, ku Mbamba, ku Chizumulu, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, ndipo akhoza kuyerekezedwa pokhapokha masewero a malo amenewa ataikidwa m'kope limodzi, dzenje ndi dzenje, pamodzi ndi mayina a osewera ndi tsiku limene anasewera.